Bowa wa m'botolo amene ndinagulira amayi pa Nchalo

Ndinasiya K98,000 pa kauntala ya kasitolo kena pa Nchalo tsiku limodzi lokha, mwezi wa Sepitembala, ndipo mpaka lero mayi a kunyumba akafuna kundiputa amangoti, "Aphunzitsi a bayoloje, bowa uja mwamwa kale?" Imeneyo inali ndalama ya mbuzi yathunthu pa msika wa Ngabu nthawi imeneyo. Amene mukuganiza zopitako, mverani kaye chimene chili m'botolomo, poti ine ndinachidziwa bwino nditalipira kale.

Chinandipititsa ndi amayi anga. Ali ndi zaka 71, ndipo chikokolokereni dimba lawo cha ku Bangula ndi madzi a Freddy mu Malichi 2023, thupi silinabwerere mwakale. Chaka chatha anadwala malungo kawiri m'miyezi itatu, kenako kachifuwa kouma kosatherapo. Tinawatenga kuti azikhala nafe. Mlongo wanga wa ku Blantyre ndiye anayamba kuimba foni usiku uliwonse: "Achimwene, amayi chitetezo chawathera. Agulireni za bowa zija, anzanga ku tchalitchi onse akumwa." Ukamaona mayi ako akusiya nsima m'mbale, sukulu yonse imene unaphunzira imayamba yakhala pansi. Ndinakwera minibasi.

Malowo ndi aukhondo, pamenepo sindinganame. Pansi pokolopa, mashelefu opukuta, fani ikuzungulira, mpando wa kasitomala ulipo. Ife a kuchigwa kuno timalowa m'sitolo thukuta lili kamukamu, ndiye wina akakupatsa madzi ozizira usanapemphe, wakugula kale theka. Mayi wogulitsayo amadziwa kulandira alendo. Atamva kuti kwathu ndi cha ku Bangula anatembenukira m'Chisena, n'kumafunsa za amayi ngati anakulira nawo mudzi umodzi. Sanandithamangitse, anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Patapita masiku atatu anaimba foni kufunsa kuti agogo adzuka bwanji. Pa kasamalidwe ka kasitomala, masitolo ambiri pamseu wa M1 angaphunzire kwa iye.

Pamene panayamba kundinunkhira ndi pa kamakina. Kali pa tebulo pakona, kolumikizidwa ku laputopu, kali ndi kachitsulo kogwira m'manja. Mtengo K5,000. Ndinati amayi ndawasiya kunyumba, iye anati palibe kanthu, tiyambe ndi inu bambo. Ndinafumbata kachitsuloko, mphindi imodzi isanathe laputopu inadzaza ndi mizere yofiira ndi yobiriwira. "Chitetezo chanu chatsika. Chiwindi chatopa. Impso zili ndi zinyalala." Ine ndimaphunzitsa ana a Fomu 3 za magazi chaka ndi chaka. Asilikali a m'thupi amawerengedwa m'magazi otengedwa ndi singano n'kupita nawo ku labu. Za chiwindi ndi impso nazonso zimaoneka m'magazi ndi m'mkodzo. Kachitsulo ka m'chikhatho chathukuta sikangawerenge selo ngakhale limodzi. Ndinapempha kuti tikakulunge ndi kansalu konyowa tione ngati nsalunso ili ndi chiwindi chotopa. Anaseka, nati makina angawonongeke. K5,000 imeneyo ndiyo imandiwawa kuposa ina yonse, chifukwa ndinalipira ndikudziwa.

Ndinatuluka ndi zinthu ziwiri: bokosi la khofi wa bowa, timasacheti 20, pa K38,000, ndi botolo la makapisozi 90 pa K55,000. Ndinalipira pafoni, risiti inali yolemba pamanja. Pabotolopo pali chithunzi cha bowa wofiira moderako, wonyezimira ngati wapakidwa vanishi, wooneka ngati impso ya ng'ombe. Amayi atachiyang'anitsitsa anati, "Mwanawe, ameneyu si uja amamera pachitsa? Uja ngakhale mbuzi zimamulambalala?" Sanaphonye kwenikweni. Abale ake a bowa ameneyu amameradi pa zitsa zathu zomwezi.

A sayansi amamutcha Ganoderma. Ku China amati lingzhi, ku Japan reishi, ndipo asing'anga a ku China akhala akumulemba m'mabuku awo kwa zaka pafupifupi 2,000. Kale anali wosowa, wa anthu olemera. Kuyambira cha m'ma 1970 anthu anaphunzira kumulima pa zipika ndi pa utuchi, n'chifukwa chake lero wafika mpaka pa Nchalo. Sadyedwa ngati ndiwo. Ndi wolimba ngati thabwa, wowawa ngati nimu.

Khofiyo ndinamwa ndekha, chifukwa amayi ali pa mankhwala a BP ndipo khofi sagwirizana nawo. Ndi wokoma, wotsekemera zedi, wa fungo labwino. Kuwawa kwa bowa sindinakumve n'komwe, ndipo nditatembenuza bokosi ndinaona chifukwa chake. Zosakaniza za m'chakudya zimalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri kutsikira ku chochepa. Pa bokosi langa choyamba chinali shuga, chachiwiri ufa woyeretsa khofi wopangidwa ndi mafuta a zomera, chachitatu khofi, ndipo Ganoderma anali kumapeto, osalembedwa n'komwe kuti alimo wochuluka bwanji. Ndinagula shuga wa K1,900 kapu imodzi, shuga amene wawoloka nyanja kudzagulitsidwa pa Nchalo, pamene nzimbe zili kuseri kwa sitolo yomweyo. Pofika sabata yachiwiri timasacheti tina tinali titaundana ngati thope louma. Bokosi limati zisungidwe posapitirira madigiri 30; kuno mu Okutobala pansi pa malata timadutsa 40 osachita kufunsa.

Anzanga ku sitafu rumu atamva anangoti zonsezi ndi bodza la azamalonda. Apo ndiye sindinagwirizane nawo, ndipo tinakangana mpaka belu linalira. Bowa amakhudzadi chitetezo cha m'thupi. Mmene amachikhudzira ndimo muli nkhani.

Maselo a bowa aliyense, kaya utale, kaya ndelema, kaya chuku cha pa nsima yogona, ngakhale yisiti wa mandasi, ali ndi khoma lomangidwa ndi zinthu ziwiri zikuluzikulu. China ndi chitin, chomwe chija chimalimbitsa chigoba cha nkhanu ndi cha chiwala. China ndi beta-glucan, mtundu wa shuga wosatsekemera wolukidwa ngati chingwe cha nthambinthambi. Thupi la munthu silipanga beta-glucan. Likamupeza mkati mwake limadziwa kuti mwalowa mlendo wa ku banja la chuku, ndipo banja limenelo lili ndi achiwembu ake, monga oyambitsa zipere ndi tizilonda toyera ta m'kamwa.

Tsono asilikali a m'thupi amene timamva kuchipatala aja si a mtundu umodzi. Pali alonda a pachipata, ogwira mlendo aliyense osafunsa dzina: maselo akuluakulu omeza tizilombo otchedwa macrophage, anzawo a neutrophil amene akafera pankhondo amasanduka mafinya, ndi ena otchedwa NK amene amasaka maselo athu omwe akalowedwa ndi kachilombo kapena akayamba kusanduka khansa. Ndiye pali ophunzitsidwa, a T ndi a B, amene amaloweza nkhope ya mdani mmodzi n'kumukumbukira kwa zaka. CD4 ndi wa gulu lachiwirili. Mu 2001 ku Oxford, Gordon Brown, osati nduna yaikulu ya Britain ija ayi, ndi mnzake Siamon Gordon, onse awiri ophunzira ku University of Cape Town, anapeza kuti pa khungu la macrophage pali kachinthu kotchedwa Dectin-1 kamene kamagwira beta-glucan. Ndi kamphuno ka mlonda konunkhizira chuku.

Ana a sukulu ndimawauza chonchi. Tenga chikopa cha fisi, uchikwekwese usiku mozungulira khola la ng'ombe. Agalu adzuka, auwa, anyamata atuluka ndi zibonga. Fisi kulibe, koma mudzi wadzuka. Beta-glucan ndi chikopa chimenecho. M'mbale za ku labu ndi m'matupi a mbewa zimaoneka bwino lomwe: macrophage amayamba kumeza mwachangu, amatulutsa timadzi toitanira anzawo, a NK amachangamuka. Mpaka apa mayi wa pasitolo sananame. Chimene wogula afuna kudziwa n'chakuti kuuwa kwa agaluko kwapulumutsa ng'ombe zingati.

Chikopacho chiyenera kufika kaye pamphuno ya galu. Mimba yathu ilibe zogayira chitin kapena beta-glucan. Ukameza ufa wa bowa wongopera, kagawo kochepa kamatoledwa ndi alonda a m'khoma la matumbo aang'ono, kena kamadyedwa ndi mabakiteriya a m'matumbo aakulu, kotsala kamangodutsa. N'chifukwa chake asing'anga a ku China amamuwiritsa nthawi yaitali n'kumwa msuzi wake, ndipo makampani osamala amamuphika m'madzi otentha, kukoka beta-glucan, kumuyeza, n'kulemba pabotolo kuti alimo wochuluka chonchi.

Ku Japan anapita nazo patali. Mu 1969 Goro Chihara ndi anzake anakoka beta-glucan wa mu bowa wa ndiwo wotchedwa shiitake. Amatchedwa lentinan, ndipo mu 1985 boma la kumeneko linamuvomereza kuti azithandizira pochiza khansa ya m'mimba. Ameneyu ndi wobaya, chifukwa akamwedwa salowa bwino m'magazi. Wina ndi PSK, wochokera ku bowa wa pamitengo wa mizeremizere ngati mchira wa nkhukundembo, Trametes versicolor, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito kumeneko mu 1977. Uyu ndi wakumwa, magalamu atatu pa tsiku. Mu 1994 magazini ya madokotala ya The Lancet inasindikiza zotsatira za odwala 262 a khansa ya m'mimba: patatha zaka zisanu, 73 mwa 100 alionse amene anapatsidwa PSK anali moyo, pamene mwa osapatsidwa anali 60. Si kusiyana kwa masewera kumeneko. Koma onse 262 anali atachitidwa opaleshoni, onse ankalandira mankhwala a khansa a kuchipatala, PSK anali wongowonjezera pamwamba. Komanso lentinan ndi PSK si Ganoderma, ndipo si ufa wa m'khofi. Ndi mankhwala oyengedwa, oyezedwa, olembedwa ndi dokotala.

Pa Ganoderma weniweniyo umboni ndi woonda. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa kafukufuku wa pa anthu n'kumusefa, linayang'ana nkhani ya khansa mu 2012 ndi kubwerezanso mu 2016. Linapeza kafukufuku musanu yekha woyenera kuwerengedwa, wa anthu 373, wambiri mwa iye wochitidwa mosalongosoka. Omwe ankamwa Ganoderma pamodzi ndi mankhwala a kuchipatala maselo awo a T anakwerako pang'ono, koma panalibe umboni woti anakhala moyo wotalikirapo, ndipo Cochrane inati asagwiritsidwe ntchito ngati mankhwala oyamba a khansa. Mu 2015 bungwe lomwelo linayang'ana odwala shuga: silinapeze kuti Ganoderma amatsitsa shuga, BP kapena mafuta a m'magazi. Pa khoma la sitolo ija shuga ndi BP ndiwo ali pamwamba penipeni pa mndandanda wa matenda ochizidwa.

Kafukufuku amene amandisangalatsa ine ndi wa ku University of Florida wa 2015, mwina chifukwa ndi wa chakudya. Anthu 52 athanzi ankadya shiitake wouma, magalamu 5 kapena 10 tsiku lililonse kwa masabata anayi. Atawayeza, mitundu ina ya maselo a T inkachulukana bwino kuposa poyamba, zotetezera za m'malovu zinakwera, chizindikiro cha kutupa m'magazi chinatsika. Zabwino. Komabe zimenezo ndi nambala za mu labu. Sanawerenge kuti ndani anadwala chimfine ndani sanadwale. Agalu anauwa, ng'ombe sizinawerengedwe.

Mawu akuti "kukweza chitetezo" amene ali pa chikwangwani chilichonse masiku ano amandivuta. Chitetezo si thanki ya madzi yoti ikadzaza ndiye bwino. Mphumu, ziwengo ndi nyamakazi ina yotupitsa mfundo ndi chitetezo chimene chauwa mopitirira mpaka kuluma ana a pakhomo. Ndipo banja la chuku silikweza kokha. Cyclosporine, mankhwala amene amapatsidwa kwa munthu woikidwa impso ya wina kuti thupi lisaikane, anachokera ku chuku cha m'dothi, ndipo ntchito yake ndi kugonetsa maselo a T. Amene amaphunzitsadi asilikali nkhope ya mdani ndi katemera. Wa malungo uja Malawi inali dziko loyamba kuyamba kumupereka kwa ana mu Epulo 2019, Chikwawa ndi Nsanje zili m'gulu la maboma oyambirira, ndipo makolo salipira ngakhale tambala.

Ndibwerere ku botolo langa. Limati kapisozi aliyense muli mamiligalamu 300 a ufa wa Ganoderma, kumwa awiri pa tsiku. Ndiye kuti mamiligalamu 600 a ufa wongopera, pamene odwala a ku Japan aja ankamwa 3,000 a mankhwala oyengedwa. Za beta-glucan palibe liwu. Silinenanso ngati ufawo ndi wa bowa weniweni wa pachithunzi uja kapena ndi wa timizu take toyera, timene makampani ena amalima pa mpunga n'kupera zonse pamodzi, mpunga ndi timizu. Poti ku sukulu tili ndi ayodini wa mayeso a Fomu 4, ndinatsegula makapisozi awiri, kuwiritsa ufawo m'timadzi, kuziziritsa, n'kudontheza. Madzi anada bii, mokhala ngati buluu, monga amachitira ndi phala la ufa woyera. Umo ndi mmene sitalichi amadziululira, ndipo bowa weniweni sakhala ndi sitalichi wochuluka choncho. Labu yathu ndi ya kumudzi, singandiuze kuti bowa alimo wochuluka bwanji, koma kuti muli ufa wina wodzazira inandiuza. Sizachilendonso: mu 2017 akatswiri anayeza mitundu 19 ya zinthu za Ganoderma zogulidwa ku United States, n'kupeza kuti zisanu zokha ndizo zinali ndi zimene zinalembedwa pabotolo. Ngati zili choncho kwa eni ake a malamulo okhwima, nanga katoni yobwera pa basi?

Amayi anamwabe, masiku 45, botolo lonse. Ndisanawayambitse ndinapita nalo kwa adokotala amene amawapatsa mankhwala a BP. Anawerenga, nati asasiye mapiritsi awo ngakhale tsiku limodzi, ndipo akamva chizungulire asiye za bowazo, chifukwa pali mantha oti Ganoderma angatsitse BP akaphatikizana ndi mapiritsi. Anafunsanso ngati amamwa asipirini kapena mankhwala ena osungunula magazi, poti bowayu angachedwetse kuundana kwa magazi, n'chifukwa chake woyembekezera opaleshoni sayenera kumwa. Anatchulanso za chiwindi: alipo anthu kunja amene chiwindi chinawonongeka atamwa ufa wa bowayu kwa nthawi. Pasitolo paja palibe chimodzi mwa izi chimene ndinafunsidwa. Anangoti ndi zachilengedwe, zilibe vuto. Nayenso bowa amene amapha mabanja dzinja lililonse ndi wachilengedwe.

Sabata yoyamba amayi anadandaula kuuma kukamwa ndi kutsegula m'mimba pang'ono, kenako zinasiya. Pofika kumayambiriro kwa Novembala anali atawonjezera makilogalamu awiri ndipo nsima ankamaliza. Mlongo wanga anafuula aleluya pafoni. Ine ndinamukumbutsa kuti m'masabata omwewo mayi a kunyumba anayamba kuwaphikira phala la nsinjiro m'mawa, dzira, mlamba wouma, chamwamba wa kuseri kwa nyumba, tinawagulira neti yatsopano, komanso anasiya kukhala pa utsi wa kukhitchini. Makhololo atayezedwa TB sinapezeke, ndipo kachifuwa kanatha titawachotsa m'chipinda choyandikana ndi khitchini. Pa zinthu zonsezo, ndani angaloze kuti kapisozi ndiye wagwira ntchito? Mu Januwale, madzi atadzaza m'zithaphwi, malungo anabweranso. Anamwa LA, anachira. Ine khofi wanga ankandipatsa mphamvu mpaka piriyodi yachitatu, monga amachitira khofi aliyense wa shuga wambiri, ndipo chimfine cha teremu yoyamba chinandipeza pa nthawi yake.

Zikanathera pamenepa ndikanangoti ndi khofi wodula, basi. Koma pali za mlamu wanga, amene wandilola kuzinena popanda dzina. Amagwira ntchito m'minda ya nzimbe, ndipo wakhala pa ma ARV zaka zambiri, wathanzi, tizilombo tosaoneka n'komwe poyeza. Mnyamata wina woyenda ndi chikwama, wotenga katundu pa sitolo yomweyo, anamupeza pa tsiku la malipiro. Anamuuza kuti makapisozi amakweza CD4, akamaliza mabotolo atatu atha kupumulako mapiritsi, chifukwa mapiritsi a kuchipatala amatopetsa thupi. Mlamu sanadikire n'komwe mabotolo atatu. Tinamva kwa mkazi wake atadumphitsa masiku 9.

Ndinamupeza madzulo ali pakhonde. "Alamu, mapiritsi aja ali kuti?" Anayang'ana pansi, nati, "Alamu, ndatopa nawo. Amene aja anati izi n'zachilengedwe." Ndinamujambulira pansi ndi kamtengo. HIV imalowa m'maselo a CD4 omwewo n'kuwasandutsa fakitale yake. Ma ARV amatseka makina a fakitaleyo. Ukawasiya, m'masabata ochepa tizilombo tadzazanso m'magazi, ndipo kumwa modumphadumpha kumatipatsa mpata wophunzira kupirira mankhwala. Bowa, ngakhale atakhala weniweni wosasakaniza, alibe chotsekera makina amenewo. Chomvetsa chisoni n'chakuti CD4 ikagwa kwambiri, mmodzi mwa adani amene amamaliza anthu athu ndi wa ku banja lomwelo la chuku, Cryptococcus, amene amatupitsa zokuta ubongo, mutu n'kumawawa ngati ukung'ambika. M'mawa mwake tinapita limodzi kuchipatala. Anamwino sanamukalipire, anamuyambitsanso mankhwala n'kumupatsa tsiku lodzayezetsa magazi. Mankhwala amenewo boma lakhala likupereka ulere kuyambira 2004. Iye anali atapereka K110,000 ya mabotolo awiri kuti awasiye.

Loweruka ndinabwerera pa Nchalo mtima uli m'mwamba. Mayi uja anakana kuti iye sauza munthu kusiya mankhwala, ndipo ndikukhulupirira kuti pakamwa pake sipanatuluke zimenezo. Anandionetsa timalemba ting'onoting'ono ta Chingerezi pansi pa botolo, tonena kuti zinthuzi si zoyezera, kuchiza kapena kupewa matenda alionse. Ndinamulozera khoma lake: matenda oposa makumi awiri, m'Chichewa, zilembo zazikulu zoti wa pa kabaza awerenge ali pamseu, ndipo pakati pake pali "kukweza CD4". Chokana chili m'chinenero chimene amayi anga sawerenga, cholonjeza chili m'chinenero chawo. Ndinafunsa ngati katunduyu ndi chikwangwanicho zinadutsa ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe limene lamulo la 2019 linalipatsa udindo woyang'anira mankhwala ndi katsatsidwe kake. Anatulutsa chiphaso cha bizinesi cha ku khonsolo ndi satifiketi ya kampani yake yokhala ndi chidindo chagolide. Pepala limene ndinafunsalo panalibe.

Kenako anakhala pansi, ukali wanga n'kuphwa. Katundu wa m'mashelefumo anagula ndi ngongole ya ku banki m'khonde. Kuti apeze phindu ayenera kulembetsa ena pansi pake, iwonso alembetse ena, n'chifukwa chake kuli anyamata a zikwama amene iye sangamve zimene akunena m'makomboni. Makinawo anachita kugula kwa amene anamulembetsa. Iye mwini amamwa khofiyo m'mawa uliwonse ndi chikhulupiriro chonse, ndipo ali ndi shuga. Ndinamuwerengera zosakaniza za pa bokosi lake lomwe, chimodzichimodzi. Anangoti, "Aphunzitsi, ife anatiphunzitsa kuti shuga wa umu ndi wina." Nditadutsanso patapita milungu iwiri, mzere wa CD4 unali utamatidwa ndi pepala. Wa shuga ulipobe.

Kodi ndingabwererenso kukagula? Khofi ayi. Makina aja musawagwire n'komwe. Makapisozi a mtundu umene ndinagulawo ayi, chifukwa sanena zimene zilimo ndipo ayodini anawatsutsa. Munthu wathanzi, wa ndalama zake, wosamwa mankhwala ena, akafuna kuyesa Ganoderma sindingamuletse. Afunefune botolo lonena kuti ndi msuzi wokokedwa ndi madzi otentha, lotchula kuchuluka kwa beta-glucan, la deti losatha, losungidwa pozizira, ndipo asayembekezere zozizwitsa. Wa khansa, wa shuga, wa BP, wa ma ARV, wa TB, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, ayambe wanyamula botololo kupita nalo kwa amene amamupatsa mankhwala. Ofuna beta-glucan wotchipa, bowa wa oyster amene alimi akulima m'zisakasa ku mtunda ali naye, utale ndi manyame za m'dzinja zochokera kumapiri zili naye, ndipo zimabwera ndi ndiwo yake yomwe. Mugule kwa amayi odziwa kuzula, muphike zipse.

Sabata yatha amayi anabwera kuchokera kothyola chamwamba atafumbata chinthu m'chitenje. Anachiika pa tebulo pamene ndimachongera makope: chibowa cholimba, chofiirira, chonyezimira pamwamba, achibenthula pa chitsa cha msangu kuseri kwa khola. "Uja unagula pa Nchalo ndi ameneyu. Uyu ndi waulere, ndikuwiritsire?" Ndinawakaniza, chifukwa mitundu ya pazitsa ndi yambiri ndipo ndi maso okha sindingalumbire kuti ndi uti. Anaseka mpaka kutsokomola, nati ndiye kuti wa ndalama yekha ndiye samapha. Ndinapita nacho ku sukulu. Chili pa shelefu ya ku labu pafupi ndi botolo la ayodini, ndipo a Fomu 3 achidula Lachiwiri.